Timapilisi ta Che Waziri

Nkhani inali pakamwa pa aliyense m'malaini a ku Limbe chaka cha 1958, koma monong'ona: Che Waziri akupha mkazi wawo pang'onopang'ono.

Musati inali miseche chabe ayi, anthu anali ndi maso. Che Waziri anali dalaivala wa lole yonyamula fodya, munthu wamtali, wosaseka, woti ukawapatsa moni amangogwedeza mutu. Mkazi wawo Amida atangobereka mwana woyamba, mwendo wakumanzere unatupa ngati thunthu la nthochi. Anakagona m'chipatala ku Blantyre masabata awiri. Chibwerereni kumeneko, eee, zinayamba kuoneka zina.

Amida akabwera pampopi, m'mikono monse mikwingwirima yakuda bii. Akatsuka m'mano, malovu ofiira. Tsiku lina akuyanika matewera anachita kamfuno, magazi kudontha mpaka kunyowetsa mpango wonse.

"Ndi mankhwala a mwendo," ankatero amayi akamufunsa, maso ali pansi. "Adokotala analankhula Chingerezi ndi bambo a mwanayu. Ine ndimangomwa."

Kumwako kunali kwa mtundu wake. Madzulo alionse Che Waziri ankatulutsa kabotolo m'thumba la jekete, kumuika kapilisi kamodzi padzanja, n'kuima pomwepo mpaka ameze. Kabotolo n'kubwerera m'thumba. Lachinayi lililonse ankamukweza panjinga kupita kuchipatala, pobwerako kathonje kali pamkono, azungu amupopa magazi. Nanga magazi a munthu sabata ndi sabata, ankapita nawo kuti? Kusinja anamuletsa. Kuwaza nkhuni anamuletsa. Mpeni weniweniwu anautsekera m'bokosi. Amayi pampopi anati ameneyo akudziwa zimene akuchita, akuopa kuti tsiku lina mkazi adzatopa.

Amene anaulula zonse anali a Emily a khomo loyandikana, mayi a Bennet, akazi a kalaliki wa kunjanji. Iwowo sukulu anafika nayo Sitandade 4, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Lachisanu lina Che Waziri ali kubafa kukonzekera zopita kumzikiti, a Emily analowa ngati akupempha mchere. Jekete inali pamsomali. Anapisa m'thumba, anawerenga kapepala ka pabotolo. Wafarini. Dzina lomwelo anali ataliona pachitini cha mankhwala a makoswe m'sitolo ya Mmwenye! Ndipo ku Limbe ndani sadziwa mmene amafera makoswe a m'mashedi a fodya? Safa tsiku lomwelo. Amayendayenda masiku angapo ngati palibe kanthu, kenako mumangowapeza pakona, magazi ali kukamwa.

Tsiku lomwelo a Emily analemba kalata yopita ku Nancholi, kwa a Mwanakombo, achimwene ake a Amida.

Lachiwiri m'mawa, lole itangonyamuka, a Mwanakombo anatulukira. Anayang'ana mikono ya mlongo wawo, pampando sanakhale n'komwe.

"Bereka mwana, tizipita."

"Achimwene, bambo a mwanayu sindinawatsanzike."

"Utsanzike munthu amene akukukumbira manda? Mwini mbumba ndine. Tiye."

Amayi a m'laini monse anawaperekeza mpaka kumsewu, wina atasenza kamtolo ka zovala, wina akululutira chapansipansi. Amida ankatsimphina pambuyo, akucheukacheuka.

Che Waziri anabwera masana, lole atakaisiya kushedi. Anapeza pakhonde pa a Emily podzaza amayi, ena akusankha nyemba zosafuna kusankha, onse akudikira kuona nkhope ya mfiti yolandidwa nyama. Analowa m'nyumba mwawo. Anatuluka. Anazungulira kuseri, n'kubwereranso.

"Amayi, akazi anga ali kuti?"

A Emily anaimirira, manja m'chiuno. "Ali koti poizoni wanuyo sangawapeze. Tinawerenga, Che Waziri. Ena a ife kusukulu tinapitako."

"Ndafunsa kuti ali kuti."

"Kwa alamu anu ku Nancholi. Mukayerekeze kupitako, akakuonetsani. Ndipo musavutike, mwendowo uphwa lero lomwe popanda inu. A Fabiano, asing'anga odziwa kulumika aja, awatema mphini kuyambira pabondo mpaka kukakolo, nyanga ikoke magazi oipa onse mwawathirawo. Akuti ayamba dzuwa likapendeka."

Amayi anaombera m'manja. Wina anati, "Auzeni, mayi a Bennet, auzeni!"

Koma Che Waziri sanakalipe. Munthu wosaseka uja anagwira mphuthu ya chitseko ndi manja awiri.

"Mayi inu, m'mwendomo munaundana magazi, akanathawira pachifuwa bwenzi titaika maliro. Mapilisiwa ndi oletsa magazi kuundana. Dokotala anandiuza kuti munthu akumwa amenewa akangotemedwa, magazi sasiya kutuluka. Akazi angawo sindinawauze, ndinkaopa kuti azigona ndi mantha."

Onse pakhondepo anayang'ana kumwamba, ndipo dzuwa linali litapendeka kale. Che Waziri analumphira panjinga, nsapato imodzi n'kutsala pakhomo.

Inu amene mumaidziwa njira yochoka ku Limbe kukafika ku Nancholi, ndi zitunda zake zija, tandiuzani: njinga ya Che Waziri ndi lumo la a Fabiano, chiyambe kufika pa Amida n'chiyani?