Anagoneka mlendo pambali pa mkazi wake

Panali bambo wina, ndipo amene anandiuza akuti anaziona ndi maso, yemwe atate ake anamusiyira bizinesi ya manda. Ena ankagula malo ogonekapo wakufa, ena ankangosungitsa kuti tsiku lawo likadzafika adzagone pafupi ndi wokondedwa wawo. Malo osungitsawo analibe chizindikiro, anali kapinga chabe. Eni ake ankadziwika pa makadi a m'kabati ya mu ofesi.

Makadi atayamba kudyedwa ndi njenjete, bamboyu anaganiza zopangitsa pulogalamu ya pakompyuta yosungiramo mayina ndi malo. Mlamu wake, amene ntchito yake inali yopanga mapulogalamu, anamulangiza kuti aimange ndi chida chakale, chosakongola, koma chimene akatswiri ambiri amachidziwa, ndiponso chimalola kutulutsa zolembazo n'kukazitsegula kwina.

Sabata yomweyo kunabwera mlendo wa jekete yonyezimira ndi chida chatsopano. Chinkaonetsa mapu a manda onse, ukakhudza ndi chala dzina n'kutuluka. Zonse zinkasungidwa kukampani imene inapanga chidacho. Mlamu uja anafunsa kuti kampaniyo ikadzatseka, mayinawo adzawatenga bwanji.

"Alamu, nsanje basi," anatero bamboyo akuseka. "Makasitomala anga sasamuka. Nanga mayina awo angathawire kuti?"

Mlendo anamanga pulogalamuyo, makadi anawotchedwa kuseri kwa ofesi, kabati anaikamo matambula.

Patapita zaka, tsiku lina m'mawa pulogalamu inakana kutseguka. Kampani ija inali itatseka. Foni ya mlendo sinkapezeka. Mlamu anayesetsa, anabweretsanso anzake, koma panalibe wochidziwa chidacho, ndipo zolembazo zinapita ndi kampaniyo. Bamboyo anachita manyazi kuuza makasitomala. Anati zonse zili m'mutu mwake, napitiriza kugulitsa malo poyang'ana ndi maso.

Panali mkulu wina, dalaivala wopuma pantchito, amene anagoneka mkazi wake kumandako n'kusungitsa malo a kumanja kwake. Ankabwera ndi kampando, n'kumamuuza mkaziyo nkhani za ana ndi mitengo ya zinthu. Kenako anadwala, mwana wake wamkazi n'kumutengera kutali, ndipo anakhalitsa.

Atachira anabwerera, maluwa ali kumanja, kampando kukhwapa. Pamalo ake anapeza mtumbira watsopano, nkhata zisanaume. Dzina linali la mwamuna amene sanamumvepo.

Analowa mu ofesi mosagogoda. Okumba manda amene ankamwa tiyi pakhonde anaika makapu pansi.

"Mwagoneka ndani pambali pa mkazi wanga?"

Bamboyo anayamba kufotokoza za kompyuta, za kampani, za mlendo uja. Anati kufukula sikungatheke, banja linalo linagula mwachilungamo, koma awapatsa malo ena abwino kufupi ndi mpanda, pamthunzi.

Mkuluyo anati mkazi wake ankaopa kugona yekha, moti ngakhale masiku amene akangana ankagonabe kumanja kwake. Anati pa bedi la kuchipatala anamulonjeza kuti asadandaule, akubwera kudzagona pambali pake.

Kenako anaika kampando kaja pa tebulo.

"Tengani, mwana wanga. Mukamuuze nokha mkazi wangayo. Ine mawu ndilibe."

Akuti mkuluyo sanapondenso pamandapo. Mbiri itamveka, mabanja anadzaza pa ofesi, aliyense kufunsa za malo ake. Kampando kaja kadakali mu ofesimo, palibe amene amakhalapo.

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanamange pulogalamu ya bizinesi yanu, funsani ngati chidacho n'chodziwika kwa ambiri, ndiponso ngati mungatulutse zolemba zanu eni chidacho atatseka. Zimene mukusungazo si mayina chabe, ndi malonjezo a anthu. Tumizirani ena nkhaniyi asanawotche makadi awo.