Chala cha Amayi Pachitenje

Masiku ano makina a pamudzi amasindikizira banja lililonse chitenje chimodzi chokha pachaka. Umawapatsa chithunzi, iwo n'kuchibwereza pansalu yonse. Ngati m'mphepete mwa chithunzicho simukukumana bwino, nsalu imatuluka ngati yazigamba, ndipo umavala zigamba zakozo mpaka chaka chinacho.

Chinkhoswe changa chinali Loweruka, ndiye sindinafune zamasewera. Ndinajambula mtedza umene amayi anayanika pamphasa, n'kuyamba kukonza chithunzicho pafoni. Mtedza umene unadukira kumanja ndinaumalizitsa kumanzere, wodukira pamwamba ndinaumalizitsa pansi, mpaka msoko unasowa.

"Mwatitha, fufuta icho," anatero amayi atasuzumira. Pakona panaoneka chala chawo chachikulu, chong'aluka ndi kuswa mtedza. "Apongozi ako angandiseke."

"Ndafufuta, amayi," ndinanama, n'kutumiza.

Lachisanu tinatambasula nsaluyo pachingwe. Msoko panalibe ngakhale umodzi. Amayi anayang'anitsitsa chala chawo chija mzere ndi mzere pakati pa mtedza.

"Wandinamiza, mwana iwe."

"Eya, amayi. Ndikupita kuchitengwa, kutali. Ndikamanga chitenjechi m'chiuno, muzikhala mutandigwira mbali zonse."