Chikopa cha Kuseri kwa Butchala

Mzere wobiriwira unayamba ngati bwalo lalikulu pafoni ya Mwanahawa, kenako n'kumachepa, n'kumapindika, mpaka unagwira m'mphepete mwa banga loyera la pachikopa.

Chikopacho chinali chitayanikidwa kuseri kwa butchala ya a Bashir, amalume ake, pamsika wa Ntaja. Mphepo inkachigwedeza, koma mzerewo sunalitaye bangalo, unkayenda nalo limodzi. Pulogalamu ya pafoni imeneyi ndi imene Mwanahawa ankalembera ng'ombe za alimi pantchito yake ya ulangizi wa ziweto, ndipo yoyamba kuijambula inali ya mayi ake, yomwe inasowa m'khola sabata yapitayo.

Foni inaika zithunzi ziwiri pamodzi, cha chikopacho ndi cha ng'ombe ya mayi ake. Mawanga onse anafanana, ngakhale kabanga kokhota ka paphewa.

A Bashir anatuluka akupukuta mpeni. Ataona foniyo, anasiya kupukuta.

"Mwana wa mlongo wanga, chikopa chimatamuka. Makinawo akhoza kunama."

"Amadziwa kuti chimatamuka, amalume. N'chifukwa chake mzerewu umapindika."

"Tiye tikakambirane kunyumba. Izi ndi za pachibale."

Mwanahawa anaganiza za mchimwene wake Paison, amene anali gone kuchipatala, nthiti ziwiri zitathyoka. Amalume omwewa ndi amene anamuloza chala kuti ndiye waba ng'ombeyo, a kabaza n'kumugwetsa pansi pakati pa matebulo a tomato.

"Iyayi," anatero Mwanahawa. "Paison simunam'tengere kunyumba."

Anakwera pabenchi, n'kukweza foni m'mwamba, n'kuyamba kuitana a kabazawo mmodzimmodzi, powatchula mayina.