Kagalimoto Kofiira ka ku Woodlands

Nthawi inali itangopitirira hafu pasiti sikisi m'mawa, mphepo ya mu Juni ikuulutsa fumbi m'misewu ya Woodlands. M'kachipinda ka kampani ya alonda, Amock anali maso pa sikirini, tiyi akuzizira m'kapu.

Makamera a kampaniyo anali pamitengo ya m'mbali mwa msewu. Ukaika nambala ya galimoto pa mndandanda wa zokayikitsa, kamera inkaizindikira, n'kutembenuka yokha kuilondola uku ikujambula. Pa mndandandawo Amock anaikapo kagalimoto kofiira ka mayi wina. Kankadutsa pamphambano Lolemba mpaka Lachisanu, nthawi yomwe msewu umadzaza ana a sukulu. Kamera ikangokapeza, iye ankagwira chowongolera n'kuikankhira pang'ono kumbuyo. Masekondi asanu ndi anayi, kagalimoto n'kukhota.

"Ba Amock, ni ndani mkazi uyu?" Anali Petronella, bwana wake, ataima kumbuyo kwa mpando. "Zithunzi 214! Mdala monga imwe, kulondola mkazi wa bene? Na kujambula simuziwa. Paliponse nkhope yake ili yoduka."

Alonda awiri amene anali pakhomo anaseka.

"Ninawatumila foni dzulo. Ni ba Winifred, kasitomala wathu. Pamene ninachula dzina lanu, anaseka chabe. Akuti kuyambila mawa azipitila ku Kabulonga, kwamene tilibe makamera." Petronella anagogoda tebulo ndi chala. "Fufutani zonse, ine nili pano. Mukabwezanso, nchito yasila."

Amock anasankha zithunzi zonse. Kompyuta inamufunsa ngati akutsimikiza. Anachedwa pang'ono, kenako anavomera.

Pomwepo kamera ya pamphambano inatembenuka yokha. Kagalimoto kofiira kanatulukira, lero kakuyenda pang'onopang'ono. Winifred anatulutsa mutu pawindo, anayang'ana kamera ndendende, n'kuibayibitsa akumwetulira.

"Onani, akulailani," anatero Petronella. Alonda aja anasekanso.

Dzanja la Amock, mwachizolowezi, linakankhira kamera kumbuyo. Lero windo lakumbuyo linali lotchingidwa ndi chitenje cha kutchalitchi, chopanidwa pamwamba pa galasi. Anachidziwa chitenjecho. Chinali cha malemu mkazi wake, mkulu wake wa Winifred.

Kuseri kwa chitenjecho kunali Thandazani, mwana wa Amock wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene Winifred ndi abale ake anamutenga pamodzi ndi galimotoyo tsiku loika maliro, ati mwana ndi wa kuchikazi. Kuchokera tsikulo, masekondi asanu ndi anayi aja ndiwo anali njira yokhayo yomuonera.

Kagalimoto kanakhota. Amock anachotsa nambalayo pa mndandanda, n'kutembenuzira kamera ku geti lina, kumene lole ya zinyalala inali kubwerera chammbuyo.