Nyimbo ya Malemu Sumiko

Makina a karaoke, oyesa kaimbidwe ka munthu, anawapatsa bambo Kuwabara malikisi 54 pa 100.

Anayang'anitsitsa nambalayo pa TV, maikolofoni ili m'manja. Mwana wawo Chisato ndi amene anawakokera m'kachipinda koimbirako masana a Lamlungu, patangotha masabata asanu ndi awiri chimwalirire mayi ake. Tiyi anali atazizira patebulo.

Nyimboyo inali ya mtsikana wina wotchuka, yomwe imalira m'sitolo iliyonse mumzinda wa Sendai. Akazi awo, malemu Sumiko, ankaiimba m'mawa uliwonse poyanika zovala pakhonde, zopanira zili kukamwa.

"Ababa, pakati paja mukuphonya," anatero Chisato akuseka. "Pamene mwini nyimbo amakweza mawu, inu mukutsitsa."

"Mayi ako ankatsitsa pamenepo."

"Ndi chifukwa mawu awo sankafika pamwamba."

"Basitu, nyimbo yake ndi imeneyo. Ya mtsikanayu ine sindiidziwa." Analoza TV ndi chibwano. "Chimakinachi chinawamvapo mayi ako akuimba?"

Chisato anasiya kuseka. Anasankhanso nyimbo yomweyo, nkutola maikolofoni yachiwiri. Iyeyu ankaidziwa bwino, ndipo mawu ake ankafika pamwambapo popanda vuto.

Atafika pakati paja, anatsitsa. Onse awiri anatsitsa, mawu akutuluka mopanikizika ngati aluma zopanira.

Makina anawapatsa 41.

Bambo Kuwabara anavula magalasi, nkumawapukuta ndi mkono wa malaya kwa nthawi yaitali.

"Eya," anatero. "Tsopano tayandikira. Ikanso."