Paipi ya Mabuleki

Amene anapha mwamuna wa mayi wina anali mlamu wa mayiyo yemwe, makanika. Paipi ya mabuleki a pikapu yotopa imene mwamunayo ankayendera itayamba kudontha, iye anangoipinda ndi pulayasi m'malo mogula ina. Pamtsetse mabuleki anakana.

Tsopano pikapuyo inaima pagalaja itawongoledwa, penti ikununkhabe. Wogula anali atakweza kale ana ake awiri, injini ikulira.

Mayi wamasiyeyo anagwada n'kusuzumira kunsi. Paipi ija inali chipindikire, mafuta akudonthera pasimenti.

"Dzukani alamu, mudetsa zovala," anaseka makanikayo. "Yayenda, koma ndi mkango iyi!"

Mayiyo anazula makiyi n'kuwafumbata.

"Bokosi limodzi silinakukwanireni? Yankhani pamaso pa bambowa, alamu! Ana awa akatsika mtsetse uja ndi mabuleki ati?"