Mpando wa Bambo Villaroman

Ndagi, awerengi! Ndi mpando uti umaluma mwini wake asanaukhalire? Mwalephera? Tcherani khutu.

Gaudencio Villaroman, wofuna kulowa m'nyumba ya malamulo ya Seneti, ankayenda ndi mpando wopanda munthu pamsonkhano uliwonse.

"Wofuna lamulo lothetsa maukwati m'dziko muno adzakhale apa titsutsane!" anakuwa pabwalo la basiketibolo mumzinda wa Lipa, atagwira dzanja la kamtsikana kovala mkanda wagolide m'khosi, kamene ankati ndiye mayi wa kunyumba. "Amantha okhaokha! Ukwati ndi wa Mulungu, sutha!"

Mayi wina wogulitsa nthochi zokazinga, dzina lake Aling Perpetua, anapukuta manja pang'onopang'ono. Tsikuli analidikira zaka makumi awiri, chimuthawireni bamboyu n'kumusiyira ana atatu. Anakwera pansanja, nakhala pampando paja, mwendo pamwamba pa unzake.

"Mayi, inu mukutsutsa mfundo iti?" anafunsa woyendetsa mwambo.

"Kutsutsa? Ine? Ndabwera kudzavomereza!" Anatulutsa chikalata cha ukwati cha kutchalitchi, nachikweza m'mwamba. "Sutha ndithu, anthuni, mumuvotere ameneyu." Anatembenukira kwa Villaroman, namuitana ndi dzina la kunyumba: "Inu Densio, amuna anga, denga likudontha kunyumba. Tiyeni. Mwana mwamugwira dzanjayo mukamutule kaye kwa amayi ake."

Kenaka dalaivala wina anakuwa kumbuyo: "Yankhanitu, bwana! Mtsutso munkaufuna uja ndi umenewu!"

Phwete linaphulika, ena mpaka kugwira nthiti. Villaroman, thukuta lili kamukamu, anayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala.

Koma mpando unali umodzi, ndipo unali utapeza mwini.